Tsiku Limodzi pa Msika wa Makedzana ku Óbidos



Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. M'mwezi wa Julaye chaka cha 2019, titamaliza msonkhano wa abusa ku Lisboa, abale amene anatilandira anatitenga kupita ku Óbidos, mtunda wa makilomita pafupifupi 80 chakumpoto. Kamzinda kameneka kali pa chitunda ndipo kazunguliridwa ndi linga lamiyala. Mfumu yoyamba ya dziko la Portugal, Afonso Henriques, inalanda malowa m'manja mwa Asilamu m'chaka cha 1148, ndipo pambuyo pake Mfumu Dinis inawapereka kwa mkazi wake Isabel monga mphatso ya ukwati. M'nyengo yawo yotentha, eni mzinda amachititsa msika wokumbukira moyo wa makolo awo a zaka mazana ambiri zapitazo.

Tinalowera pa chipata chotchedwa Porta da Vila, tinatsata kamsewu kopapatiza kufikira pabwalo la m'mbali mwa nyumba yachifumu yakale. Kumeneko tinapeza amuna atavala zisoti zachitsulo, atanyamula zishango ndi malupanga, ndi amayi atavala madiresi ofika ku mapazi. Wosula zitsulo anali kalikiliki ndi mvukuto wake, monga momwe ankachitira agogo athu. Nkhumba zinali kuwotchedwa pa moto wa nkhuni, ndipo zakumwa ankathira m'zikho zadothi. Dzuwa litapendeka, okwera akavalo anathamangitsana ndi mikondo yaitali, khamu la anthu likufuula. Panalinso ena ochita sewero, ovala sanza ngati opemphapempha, ndipo ana ankawaseka. Ife kuseka kunatikanika titakumbukira kuti umphawi wa nthawiyo sunali sewero, ndiponso kuti mliri waukulu wa 1348 unapulula anthu osawerengeka m'dzikomo.

Koma chimene chinatigwira mtima chinali pa kagome kena kapadera, pamene anthu ambiri ankangodutsa. Mkulu wina wovala mkanjo anali kulemba pa chikopa ndi nthenga ya tsekwe, kuviika mu inki, chilembo chimodzichimodzi. Tinaima pamenepo nthawi yaitali, koma iye sanamalize ngakhale mizere isanu. Umo ndi momwe Baibulo linkalembedwera makina osindikizira asanabwere, pakuti Baibulo la Gutenberg linatuluka cha m'ma 1455. Buku limodzi linkafuna zikopa zambiri ndi miyezi yambiri ya ntchito, kotero munthu wamba sakanatha kuligula. Ngakhale akanaligula sakanalimva, popeza linali m'Chilatini, chiyankhulo chimenenso ansembe ankatsogolera nacho chipembedzo. Mlimi wa ku Óbidos ankalowa m'kachisi sabata ndi sabata, koma ankabwerera kwawo osamva zimene zawerengedwa.

Apwitikizi anadikira nthawi yaitali. João Ferreira de Almeida, amene dzina lake timaliona pa Mabaibulo a Chipwitikizi m'mipingo yathu, anayamba kumasulira Malembo ali mnyamata wa zaka 16, kutali ndi kwawo, ku Malaka. Chipangano Chatsopano chake chinasindikizidwa ku Amsterdam m'chaka cha 1681. Iye anamwalira mu 1691 atafika pa buku la Ezekieli, ndipo ena anatsiriza ntchitoyo. Tikawerengera kuyambira 1148, tipeza kuti zinapita zaka zoposa 500.

Nanga ife? Buku Lopatulika linatuluka m'chiyankhulo chathu m'chaka cha 1922, ndipo Buku Loyera linatsatira mu 1998. Lero achinyamata athu ali nalo ngakhale m'mafoni mwawo. Chimene mlimi uja sanachione ndi maso, ife tili nacho m'nyumba. Komabe poyendera mabanja timapeza Baibulo lili pansi pa sutikesi, lina litadyedwa ndi chiswe, ndipo ena amalitulutsa pa maliro pokha. Mlimi wa ku Óbidos anamanidwa Mau a Mulungu. Ife tikudzimana tokha.

Madzulo tinaona ochita sewero aja akuvula sanza zawo, kuvala zovala zabwino ndi kukwera magalimoto awo. Kwa iwo zakalezo zinatha ndi tsikulo. Koma banja limene silitsekula Baibulo likukhalabe m'masiku amenewo chaka chonse.

Pa Nehemiya 8 timamva kuti Ezara atawerenga chilamulo, Alevi anachitanthauzira kufikira anthu atamva, ndipo anthuwo anapita kwawo akukondwera. Tikupempha tsono kuti banja lililonse liwerenge mutu umenewu sabata ino nsima yamadzulo itatha. Kumene kuli agogo osadziwa kuwerenga kapena amene maso awo afooka, adzukulu awawerengere mokweza. Akulu a mpingo atidziwitse mabanja amene alibe Baibulo, kuti mpingo uone chochita.

Ambuye akudalitseni nonse.