Tsiku limene ndinatsegula bokosi

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga kuno kunyanja ya Chilwa. Papita nthawi ndisanalembe kanthu pano. Lero ndabwera kudzaulula cholakwa changa.

Ambiri a inu mukukumbukira mmene ndinkaphunzitsira Computer Studies. Ndinkajambula bokosi pabolodi, n'kulemba kuti apa ndi CPU, apa ndi RAM, inu n'kukopera m'makope. Kompyuta yeniyeni inalipo imodzi yokha, yangayanga, Dell OptiPlex 780 ya mu 2009 yomwe ndinagula yogwiritsidwa kale ntchito ku Limbe. M'menemo ndimo ndinkasunga malikisi anu ndi mayeso. Palibe mwana amene ndinkamulola kuigwira. Ineyonso, kunena zoona, ndinali ndisanatsegulepo chivundikiro chake.

Mu 2022 munali mnyamata wina mu Fomu 3, mwana wa msodzi wa ku Kachulu. Matemba akachuluka ankasowa m'kalasi sabata yathunthu, ndipo tonse tinkaona kuti sukulu aisiya posachedwa. Tsiku lina anandidikirira titaweruka, fulashi ili m'manja. Mkulu wake wa ku Johannesburg anali atamutumizira masewera a mpira a FIFA 15. "Sala, chonde tiyese pa kompyuta yanu ija." Ndinamukalipira kuti makompyuta si zidole. Koma usiku ndinaganiza kuti aka kanali koyamba kuti mwanayu andipemphe kanthu kokhudza phunziro langa. M'mawa ndinamuuza kuti tiyesa, bola asajombe.

Masewerawo anakana ngakhale kulowa. Mnyamatayo anandifunsa chifukwa chake, ine mphunzitsi wake kukamwa pululu. Tinayamba kufufuza pa foni, titaima pachulu cha kuseri kwa sukulu pomwe netiweki imagwira. Tinapeza kuti FIFA 15 imafuna Windows ya 64-bit, RAM yokwana 4GB ndi DirectX 11. Yanga inali Windows 7 ya 32-bit, ndi 2GB basi.

Ndinasamutsira mafayilo pa fulashi n'kuika Windows yatsopano. Apa m'pamene malikisi a Fomu 2 anasowa, chifukwa ndinaiwala chikwatu chimodzi. Ndinachezera masiku awiri kuwatoleranso m'mapepala, ndipo ahedi sanakondwe nane. Kenako ndinaitanitsa RAM, koma ndinalakwitsa n'kugula DDR2 pamene makinawa amadya DDR3. Mnyamatayo ndi amene anaona kuti kampata ka pansi pa RAM sikakugwirizana ndi malo ake, ine nditatsala pang'ono kukanikiza mwamphamvu.

Vuto lalikulu linali la zithunzi. Kompyuta imeneyi inalibe graphics card yakeyake. Ntchito yojambula zooneka pa sikirini inkagwiridwa ndi kachipangizo ka Intel GMA 4500 komatidwa pa motherboard, komwe kamachita kubwereka RAM ndipo kamathera pa DirectX 10. Tinawononga mabandulo atatu kusaka driver yoti ikakweze, mpaka tinamvetsa kuti driver ndi womasulira chabe pakati pa Windows ndi chipangizo. Sangachipatse luso lomwe sichinapangidwe nalo.

Mnzanga wina wa ku Blantyre anandipezera GeForce GT 710 yakale, n'kuitumiza pa minibasi mpaka ku Zomba. Tinaisankha chifukwa imadziwa DirectX 11 ndipo imadya magetsi ochepa, mawati osapitirira 20, popanda chingwe chapadera. Kwa ife a sola ndi batire imeneyi si nkhani yaing'ono. Titatsegula bokosi tinapeza fumbi ndi ukonde wa akangaude zitatsamwitsa fani. Mnyamatayo anathamangira pampu ya njinga n'kupemerera zonse. Kenako kachitsulo kogwirira khadi kanapezeka kuti n'kakatali, poti bokosi langa ndi lija lopyapyala. Anakamasula, n'kupita nako kwa wokonza njinga pamsika, n'kubwera atakadula.

Loweruka limenelo masewera anatseguka. Musaganize kuti zinali ngati pa wailesi yakanema. GT 710 ndi yofooka poyerekeza ndi GTX 650 yomwe opanga masewerawo amafuna, choncho tinatsitsa chilichonse mpaka pansi. Nkhope za osewera zinali mbuu, ndipo ankathamanga ngati munthu wodutsa m'matope a Chilwa madzi akaphwa. Koma chigoli choyamba chitalowa, ana amene anadzadza pawindo anakuwa mpaka mlonda anabwera kudzaona.

Ndikudziwa malire ake. Masewerawa ndi a mu 2014, ndipo atsopano aja amene kuyambira 2023 akutchedwa EA Sports FC sangayende pano ngakhale titapemphera. Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 mu Januwale 2020. Makina ambiri amene amatifika kuno kumudzi ndi otere, eni ake anathana nawo kalekale. Komabe m'kati mwake muli zonse zija timajambula pabolodi.

Lolemba ndinanyamula kompyutayo kupita nayo m'kalasi, yosavundikira. Ndinamupatsa mnyamatayo mpata. Iye amene sankayankha funso anaima mphindi 20 akufotokozera anzake kusiyana kwa RAM ndi hard disk, akuloza ndi chala. Atsikana awiri anapempha kuti azule RAM n'kuibwezeretsa okha. Manja anga ankanjenjemera, koma ndinawalola.

Sindikunamizani kuti anasiyiratu kujomba. Matemba atachuluka anapitabe kunyanja, chifukwa pakhomo pamafunika chakudya. Koma ankabwerera, ndipo mayeso a MSCE analemba mu 2023.

Cholakwa changa ndi chakuti zaka zonsezi ndinkateteza bokosi kuposa ana. Inu amene ndinakuphunzitsani kompyuta ya choko, mundikhululukire. Aphunzitsi anzanga, ngati kusitolo ya sukulu yanu kuli makina akale amene akungodya fumbi podikira katswiri wochokera kutauni, atulutseni. Pezani sikuludalaiva, sungani kaye malikisi anu pa fulashi ziwiri, ndipo muwalole ana atsegule. Wina akadziwa kumene ndingapeze RAM ina ya DDR3 pamtengo wabwino andiuze, poti a Fomu 2 ayamba kale kufunsa kuti zamu yawo ifika liti.