Ortensiya, Duwa la Ludzu

Ortensiya amatha kufa ndi ludzu ali m'madzi. Ogula ambiri sakhulupirira mpaka atadzionera okha: botolo lili lodzaza, koma mutu wa duwa wazyolika, wafota ngati nkhwani wogonera pamsika wa Chiuaula. Ntchito yanga, kuyambira kumunda mpaka pakhomo la tchalitchi, ndi yolimbana ndi ludzu limenelo.

Ndimalima maluwawa kuseri kwa nyumba yanga ku Sanjala, mbali imene dzuwa limafika m'mawa basi. Abale athu a ku Malawi amawatcha hydrangea. Kwawo kwenikweni ndi ku Japan, koma Apwitikizi, amene ankatcha mzinda uno wa Lichinga kuti Vila Cabral mpaka 1975, amawakonda kwabasi; pachilumba chawo cha Faial ku Azores amachita kutchingira nawo minda. Kuno amakula bwino chifukwa Lichinga ili pamtunda wa mamita oposa 1,300 ndipo kumazizira. Ortensiya yemweyo mukamutsitsira ku Metangula, m'mphepete mwa nyanja, masamba amapsa m'mbali mwezi wa Okutobala usanathe.

Mtundu wake umachokera m'dothi. Dothi lathu lofiirali lili ndi asidi, ndipo asidiyo amachititsa kuti mizu iyamwe aluminiyamu, duwa n'kutuluka la buluu. Chitsamba chomera m'mbali mwa khoma la simenti, kapena pamene ana amataya phulusa la m'mbaula, chimasanduka cha pinki. Choyera chokha ndicho sichisintha, kaya muthire chiyani. Anthu ena amaganiza kuti ndimathira utoto m'madzi. Ndimangoseka.

Maluwa amayamba kutuluka mu Novembala, mvula ikamayandikira, n'kuchuluka cha ku Khirisimasi, nthawi yomwenso maukwati amakhala motsatizana. Mkangano wanga ndi ogula umayambira pamenepo. Aliyense amaloza mutu wongotuluka kumene, wowala bwino.

"Achemwali, ndidulireni ili," anatero mayi wina amene mwana wake ankakwatiwa Loweruka.

"Ayi mayi, limenelo ndi khanda. Silifika ndi pa Misa pomwe. Gwirani ili, mumve."

Anagwira, n'kumva kuti likuchita khwekhwerekhwe pang'ono, lolimba. Zimene anthu amati ndi duwa zija, timasamba tinayi tamtundu, ndi chovala chabe. Duwa lenileni ndi kanjere kali pakati pake. Kanjereko kakatseguka kapena kuthothoka, mutu wakhwima, ndipo ukasamalidwa umatha sabata, nthawi zina kuposerapo. Kakakhala kotseka, ine sindidula, ngakhale munthu awonjezere ndalama. Bola anyanyale lero kusiyana n'kuti adzanditchule dzina paukwati maluwa atawerama.

Ndimadula mbandakucha, mame asanaume, ndowa ya madzi ili pamapazi. Tsinde siliyenera kudikira ngakhale ulendo wochoka kumunda kufika pakhonde. Mpeni ukhale wakuthwa, ndipo ndimadula mopendeketsa, pamwamba pa mfundo. Sizasi yobuntha imatswanya timitsempha tokweza madzi. Masamba ndimathothola pafupifupi onse, chifukwa ndi aakulu ndipo amalanda madzi duwa lisanamwe.

Vuto lalikulu ndi utomoni. Ukangodula, umatuluka n'kutseka pabala paja, madzi osakweranso. Ndiye ndimatereka ketulo pambaula. Madzi akawira ndimathira m'kapu, kudulanso nsonga ya tsinde, n'kuiviika masentimita awiri kapena atatu kwa theka la mphindi, mutu nditaupendeketsa kuti nthunzi isauwaule. Kuchoka apo, molunjika m'madzi ozizira akuya. Ena amapera pedra-ume, mwala woyera uja ometa ndevu amapaka pamasaya, n'kusunsa nsonga mu ufa wake. Nawonso umathandiza, koma ketulo ndimakhala nayo tsiku lililonse.

Pali chinthu china chimene maluwa ambiri alibe: ortensiya amamwa ndi kumutu komwe. Wofota ndimamumiza chadodolido m'beseni la madzi ozizira, mutu wonse pansi, kwa ola limodzi kapena usiku wonse ngati wafooka kwambiri. Kukacha amakhala atadzuka. Sizitheka nthawi zonse, ndipo wodulidwa ali khanda kawirikawiri sabwerera.

Popita nawo kutchalitchi ndimawaimika m'ndowa, pamwamba n'kufunditsa kapulana yonyowa, chifukwa mphepo ya panjinga yamoto imawaumitsa msanga kuposa dzuwa. Okongoletsa amakono amakonda kuwabaya m'siponji yobiriwira ija. Ine sindigwirizana nazo. Siponji siikwanitsa ludzu la ortensiya, ndipo akamafika pa zithunzi za madzulo mitu imakhala itagwa. Ndimawauza kuti abise mabotolo m'kati mwa nsalu zawozo, madzi akhale ambiri. Kwa otengera kunyumba mawu anga ndi omwewo: tsukani botolo, sinthani madzi pakapita masiku awiri, dulaniko nsonga, ndipo musaike pawindo. Masamba othotholedwa musatayire mbuzi kapena akalulu, ali ndi poizoni.

Mvula ikamatha, cha mu Epulo, mitu yotsala pachitsamba imasanduka yobiriwira mosakanikira ndi kufiirira. Imeneyo ndimaiimika m'timadzi tochepa n'kuisiya iume yokha, ndipo imakhala miyezi yambiri pakabati. Nthambi zanthete ndimazidula ndi mfundo ziwiri kapena zitatu n'kuzitsika mumchenga wonyowa pamthunzi, zimere mizu.

Kusadza ndimachita chisanu cha Julayi chikamapita. Pamenepa mpeni sindipatsa munthu. Maluwa a chaka chamawa amakhala atabisala kale m'maso onenepa a nthambi zakale, choncho ndimadula pamwamba pa maso awiri oyamba, n'kuchotsa nthambi zouma ndi zokalamba zokha. Waganyu akagwetsa chitsamba chonse ndi chikwanje kuti pakhomo paoneke poyera, Khirisimasi imeneyo mudzakolola masamba okhaokha.