Kutchena kumayambira pa muyezo

Makina anga ndimawatulutsa dzuwa lisanasuzumire kuseri kwa phiri la Michesi. Ndimawaika pakhonde la sitolo ina pano pa Phalombe Boma, n'kuwapukuta fumbi, kuwadonthezera mafuta, kenaka n'kukoleka tepi m'khosi. Ndi makina opalasa ndi mapazi, a Butterfly, amene anandisiyira amalume anga omwe anandiphunzitsa ntchitoyi. Magetsi azime kaya asazime, ine ndimasoka.

Munthu wokhala pakhonde amaona zambiri. Pamsewupa pamadutsa aphunzitsi, anamwino a ku Holy Family, apolisi, ana a sukulu, alimi opita kukagulitsa nandolo ndi mpendadzuwa, amayi a matemba ochokera ku Chilwa, ndi anyamata a kabaza osawerengeka. Maso a telala sayamba n'kuona nkhope ayi. Amayamba kuona phewa la malaya, kenaka m'chiuno, kenaka pamene buluku lathera. Pa zaka zonse zimene ndakhala pano, ndaona kuti anthu amene amaoneka audongo si amene amavala zodula. Pali bambo wina wachikulire amene amadutsa Lamulungu lililonse ndi jekete limodzi lomwelo, koma ukamuona umafuna kuimirira n'kumupatsa moni ndi manja awiri. Pali mnyamata amene amagula zatsopano ku Limbe mwezi ndi mwezi, koma amaoneka ngati wabwereka za mkulu wake. Kusiyana kwawo kuli pa muyezo.

Ambirife timavala za pakaunjika, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Nsalu zina za m'belo n'zolimba kuposa zatsopano za m'sitolo. Vuto lake n'lakuti zovalazo anasokera anthu a matupi ena, a msinkhu wina, a kumaiko ozizira. Munthu amasankha shati pamsika wa Migowi chifukwa cha mtundu wake, amaiyerekeza pachifuwa n'kulipira. Akafika kunyumba apeza kuti manja akubisa zala, phewa lagwera pamkono. Ndiye amangovala choncho, amvekere bola ndi yoyera. Achimwene, bweretsani kuno. Kubweza shati m'mbali ndi ntchito yoti mungaidikire muli chikhalire pabenchipa, ndipo mtengo wake sufika pa mtengo umene munagulira shatiyo.

Ndikuuzeni pamene ine ndimayang'ana. Msoko wa phewa ukhale pamwamba penipeni pa fupa la phewa, pamene mkono wayambira. Ukatsika, munthu amaoneka wofooka ngakhale ali wamphamvu. Pogula malaya kapena jekete, yambani mwayesa phewa, chifukwa kwina konse telala akhoza kukonza mosavuta, koma kusuntha phewa ndi ntchito yomasula manja onse ndipo sikuti imatheka bwino nthawi zonse. Dzanja la malaya lithere pamfundo ya mkono. Mukamanga batani la m'khosi, zala ziwiri zizilowa pakati pa kolala ndi khosi. Buluku lingokhudza pamwamba pa nsapato, lisamasese pansi. Kuno kwathu buluku lalitali limatha msanga: chilimwe limakokolola fumbi, dzinja limanyamula matope, ndipo pakangotha miyezi itatu kumunsi kumakhala kutanyenyeka. M'chiuno mukakula, musamangokoka lamba mpaka nsalu kuunjikana ngati kukamwa kwa thumba la chimanga. Timamasula msoko wakumbuyo n'kubweza pamenepo, matumba n'kukhala m'malo mwake.

Amayi nawo ali ndi zawo. Mayi akabwera ndi chitenje chatsopano kuti ndimusokere siketi ndi bulauzi ya kuchinkhoswe, funso langa loyamba ndi lakuti, "Amayi, mwachichapa?" Ambiri amadabwa. Chitenje chatsopano chimabwera chili gwa, ndipo chathonje chimafupika chikalowa m'madzi koyamba. Ndikachidula chosachapa, chovala chimakwana bwino tsiku la mwambo, koma mukangochapa kamodzi zipi yayamba kukana. Funso lachiwiri ndi la nsalu ya m'kati. Siketi yopyapyala yopanda nsalu ya m'kati imamatirira m'miyendo ndipo padzuwa imaonetsa zonse. Kansalu kowonjezerako n'kotchipa, koma ndi kamene kamapangitsa siketi kugwa bwino. Maluwa a chitenje nawonso amafuna kuwalemekeza. Telala waulesi amangodula, duwa lina kuyang'ana kumwamba, lina pansi, lina kuduka pakati pamsoko wakutsogolo. Ine ndimayala nsalu yonse patebulo, kuiyang'ana kaye, ndisanagwire choko ndi sizasi.

Mwezi wa October ntchito imachuluka, pamene anthu akukonzekera kupita kwa Chonde ku Mulanje, ku mwambo wa Mulhako wa Alhomwe. Mabanja athunthu amafuna kufanana, kuyambira agogo mpaka mdzukulu. Amene amabwera kutatsala masiku awiri ndimawauza zoona, kuti chovala chosokedwa mothamanga chimaonekera patali. Sinditenga ntchito yoti ndikudziwa kuti sindiimaliza. Matelala tili ndi mbiri yoipa ya "mubwere mawa", ndipo mbiri imeneyi inandiwawa kuyambira ndili wophunzira.

Koma ngakhale nditasoka bwino chotani, chovala chamakwinya chimandichotsera ulemu ine ndi mwini wake yemwe. Amalume ankati kusoka ndi theka la ntchito, theka lina ndi simbi. Chaka changa choyamba sanandilole n'komwe kukhala pamakina. Ntchito yanga inali kukoleza makala, kusokerera mabatani ndi kusita. Tsiku lina ndinafulumira, n'kuthira m'simbi makala amene anali asanayake bwino. Kakhala kamoto kanathetheka, n'kutulukira pabowo la m'mbali, n'kugwera pa diresi loyera la mayi wina amene ankalifuna Loweruka. Panabooka kabowo ngati kambewu ka nandolo, pachifuwa penipeni. Amalume sanandikalipire. Anandituma kuti ndipite ndekha kwa mayiwo kukanena zimene ndachita, ndipo nsalu ina tinagula ndi ndalama yanga. Nkhope ya mayi uja sindinaiiwale. Anali atasunga ndalama ya nsaluyo miyezi ingapo.

Kuchokera tsiku limenelo simbi ya makala ndimaiopa ndi kuilemekeza. Makala ayambe ayaka mpaka kufiira, utsi utatha, ndiye muwathire. Tsekani chivindikiro bwinobwino, uzirani phulusa panja, kutali ndi zovala, ndipo pukutani kunsi kwa simbi pakansanza musanaiike pa chovala. Yambani ndi zathonje simbi ikadali yotentha kwambiri, zoterera ndi zopyapyala zibwere kumapeto itazizirako, chifukwa nsalu zambiri za masiku ano zili ndi pulasitiki m'kati ndipo zimasungunuka. Buluku lakuda musaliike simbi mwachindunji, limayamba kunyezimira m'mawondo ndi kumatako ndipo kunyezimirako sikuchoka. Yalani kansalu konyowa pamwamba n'kusita pamenepo. Shati imayambira kolala, kenaka mapewa, manja, thupi pomaliza. Mzere wa buluku ukhale umodzi. Mizere iwiri pamwendo umodzi imauza aliyense kuti munasita mumdima kapena mothamanga.

Kusita kuli ndi phindu linanso limene achinyamata ambiri salidziwa. Nyengo ya mvula kuli ntchentche ina imene imaikira mazira pa zovala zonyowa, makamaka zoyanikidwa pansi kapena paudzu. Mukavala, timphutsi timalowa pakhungu n'kutupa ngati chithupsa. Makanda ndi amene amavutika kwambiri. Moto wa simbi umapha mazirawo. N'chifukwa chake makolo athu ankasita ngakhale matewera ndi zovala zam'kati. Yanikani pachingwe, osati pansi. Zamitundu muzitembenuze kunja kukhale m'kati, ndipo muziyanike pamthunzi, poti dzuwa la ku Phalombe mwezi wa October limadya mtundu wa nsalu kuposa sopo. Amene alibe simbi asataye mtima. Kung'unthani chovala mwamphamvu chikadali chonyowa, chiwongoleni ndi manja pachingwe, chikauma muchipinde bwino n'kuchiika pansi pa matiresi usiku wonse. Sichifanana ndi chosita, koma mukhoza kupita nacho kutchalitchi osachita manyazi.

Akuluakulu amakumbuka nthawi ya Kamuzu, pamene kavalidwe kanali nkhani ya boma. Lamulo la mu 1973 linaletsa amayi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi, ndipo amuna sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali. Zimenezo zinatha pamene dziko linkalowa m'ndale za zipani zambiri, ndipo ine sindizilakalaka, chifukwa udongo wochita kuopsezedwa si udongo. Chimene ndimasirira cha nthawi imeneyo ndi china: pafupifupi nyumba iliyonse inali ndi singano ndi ulusi, ndipo nsalu za ku David Whitehead ku Blantyre anthu ankazisamala mpaka kukalamba nazo. Lero mwana wa sekondale amabwera kwa ine ndi batani limodzi lothothoka. Ndimamusokerera, koma ndimamukhazika pansi kuti aone mmene ndikuchitira, ulendo wina adzachite yekha.

Tinthu ting'onoting'ono timeneti ndi timene timagwetsa munthu. Batani losowa pamimba. Batani loyera losokerera ndi ulusi wakuda. Pini pamalo pa zipi. Mpendero wa siketi womasuka mbali imodzi. Thumba long'ambika pakona. Chilichonse mwa izi n'chokonzeka m'mphindi zochepa, koma chikasiyidwa chimakula, ndipo kang'ambi kolowa chala lero kadzafuna chigamba mwezi wamawa. Zipi ikayamba kulimba musaikoke mwaukali, ipakeni kandulo m'mano mwake. Kolala ya shati ikaperepeseka, musataye shatiyo: timaimasula, kuitembenuza, mbali yothayo n'kubisika kunsi, shati n'kukhalanso chaka china. Chiyambire pamene ndalama ya kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ulusi, zipi ndi nsalu zonse zinakwera, ndipo anthu obweretsa zokonzetsa achuluka kuposa osoketsa zatsopano. Ine ntchito yokonza sindiinyoza. Imafuna luso kuposa kusoka chatsopano.

Kuno timayenda panjinga, ndipo njinga ili ndi malamulo ake. Mwendo wakumanja wa buluku muupinde kapena muumange ndi kamphira, chifukwa girisi wa tcheni sachoka ndi sopo wamba. Amayi athu anazindikira kale: amamanga chitenje chakale pamwamba pa chovala chabwino, akafika n'kuchimasula, n'kulowa muofesi kapena m'tchalitchi ali mbee. Abambo tengeranipo phunziro, muziyenda ndi kansanza m'thumba kopukutira nsapato. Mukhoza kusita bwino zonse, koma nsapato yafumbi imafafaniza ntchito yonseyo. Nyengo yotentha sankhani malaya athonje, amapuma. Malaya amene mwatulukira thukuta achapeni tsiku lomwelo, musawaunjike pakona mpaka Loweruka, chifukwa thukuta likagonera m'khwapa mwa nsalu limasiya chikasu ndi fungo losamva sopo. Za kusamba, kuwenga zikhadabo ndi kupesa tsitsi si za telala, koma poyeza munthu ndimamuyandikira kwambiri, choncho ndikudziwa kuti chovala chabwino sichibisa thupi losasamba.

Phunziro lalikulu pa ntchito yanga ndinalipeza mu March 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa madzi, matope ndi miyala kuchokera m'mapiri. Boma lathu la Phalombe linali limodzi mwa maboma amene anakhudzidwa kwambiri, ndipo anthu a madera ngati kwa Nkhulambe anataya abale, nyumba ndi katundu yense. Ambiri anapulumuka ndi chovala chimene chinali pathupi basi. Zovala zachithandizo zitayamba kufika, zinali zongogawa, wamfupi kulandira chachitali, wowonda kulandira cha munthu wonenepa. Patapita masabata angapo, kunabwera bambo wina ndi buluku lalikulu kwambiri ndi shati yofika m'mawondo. Anati, "Atelala, ndalama ndilibe, koma mawa tikukachita mwambo wokumbukira mkazi wanga. Sindikufuna kukaima pamaso pa anthu chonchi." Ndinasiya zonse zimene ndinkachita. Ndinamuyeza, kubweza buluku, kudula shati, n'kuzisita bwinobwino. Atavala anadziyang'ana pakagalasi kanga kakang'ono nthawi yaitali osayankhula. Kenaka anapisira shati, kuwongola mapewa, n'kunena kuti zikomo. Munthu amene anatsala wopanda kanthu ankafunabe kuoneka ngati munthu pamaso pa anzake. Kuyambira pamenepo, wina akandiuza kuti kutchena ndi za anthu a ndalama kapena za m'tauni, ndimamutsutsa.

Tsopano ndili ndi atsikana awiri ndi mnyamata mmodzi amene ndikuwaphunzitsa. Nawonso ayambira pa simbi ndi mabatani, monga ndinayambira ine. Ndimawauza kuti poyeza mayi apemphe kaye, tepi igwire chovala, manja asachedwe pathupi la munthu, ndipo muyezo wa munthu si nkhani yokacheza nayo kumsika.

Inu amene mukuwerenga, madzulo ano tsegulani chikwama kapena sutikesi yanu. Mupezamo zovala ziwiri kapena zitatu zimene munasiya kuvala chifukwa chakula, chatalika kapena zipi inafa. Zichapeni, muzitengere kwa telala wa pafupi nanu, ndipo mupite nokha kuti akakuyezeni, musatume mwana. Pokayezetsa buluku, valani nsapato zimene mudzavalire bulukulo.