Namkungwi wa Mwana wa Mlimi

M'midzi ya ku Mchinji, monganso kutsidya kwa malire ku Chipata ndi ku Angónia, mtedza amati ndi mbewu ya amayi. Bambo angathe kuunga mizere ndi kukambirana mtengo ndi ogula, koma kupalira, kuthothola, kuyanika, kuswa ndi kusinja zimadikira manja a mayi ndi ana ake aakazi. Koma mbewu yomweyi ikafika kumalo a kafukufuku, kumene amakonza mitundu yoti alimi adzadzale mtsogolo, amayi aja saonekanso. Kafukufuku wa m'chaka cha 2008 m'maiko 15 a mu Africa adapeza kuti mwa akatswiri 4 alionse ofufuza zaulimi, wamkazi adali mmodzi, ndipo pa maudindo a utsogoleri adali mmodzi mwa 7 alionse.

Mmodzi mwa amayi amene adalowa m'kagulu kochepaka patapita zaka ndi mwana wa mlimi wa ku Mchinji komweko, yemwe lero ndi katswiri wa kasamalidwe ka mbewu zikakololedwa. Akamafotokoza za ulendo wake satchula nzeru zake, ngakhale kuti m'kalasi adali wakuthwa. Amatchula ndalama zimene ena adamulipirira, ndi anthu amene adamulozera kumene kudali ndalamazo. Iye amati mwa ziwirizi, chimene chimasowa kwambiri kwa mwana wamkazi wa kumudzi ndi chachiwiricho.

Adasankhidwa kupita ku koleji ya zaulimi ya Bunda m'chaka cha 2006, njala ya chaka chapitacho itangosesa nkhokwe za m'mudzi mwawo. Achibale ankayembekeza kuti mwana wokhoza chotere akhala namwino kapena mphunzitsi. Malume ake, eni mbumba, atamva za Bunda adaseka.

"Mphwanga, khasu tili nalo konkuno. Nanga mpaka tigulitse mbuzi kuti ukaphunzire kulima?"

Mayi ake, amene sadapitirire Sitandade 4, adayankha ali chogwada, koma mawu awo sadagwedezeke. "Achimwene, mbuzizo ndi zanga. Mwanayu apite."

Mbuzi 3 ndi matumba a mtedza zidakwanira chaka choyamba. Chaka chachiwiri khola lidali lopanda kanthu. Amayi a mumpingo ankasonkha ya sopo ndi ya basi, koma fizi idawakulira. Mtsikanayu adayamba kujomba, kenaka adalongedza katundu wake osauza munthu, poti umphawi kwa iye udali chinthu chochititsa manyazi.

Mphunzitsi wina wamkazi adaona kuti mpando wa kutsogolo wakhala wopanda munthu kwa sabata ziwiri. Adatuma anzake kuti akamuyitane.

"Mwana wanga, bwanji sunanene?"

"Pepani aphunzitsi, ndinkaona ngati mavuto a kwathu ndi a kwathu."

Tsiku limenelo ndi pamene adamva kuti pali mabungwe achifundo, mipingo ndi makampani amene amalipirira ophunzira osowa. Zikalata zolengeza mwayi wotere ankaziona ndithu zitapachikidwa pakhoma, koma ankazidutsa poganiza kuti nza ana a m'tauni odziwa Chingerezi chosalala. Mphunzitsiyo adakhala naye pansi, adadzaza naye fomu mzere ndi mzere, namulembera kalata ya umboni. Bungwe lina lachifundo lidavomera kulipira zaka zotsalazo. Akulu adati safunsa adadya phula, koma mtsikanayu amawonjezera kuti munthu safunsa chinthu chimene sadziwa kuti chilipo.

Adalandira digiri yake mu 2010, ntchito osaoneka. Adabwerera kwawo nkuyamba kuphunzitsa sayansi pa sukulu ina ya sekondale yoyendera. Apa ndi pamene anzake ambiri aakazi adasiyanirana ndi ulimi: ena adalowa m'mabanki, ena m'masitolo, ena m'banja. Anyamata a m'kalasi mwake ankamva msanga za ntchito ndi za maphunziro apamwamba, chifukwa nkhani zotere zimakambidwa kumene abambo amakumana, ku mpira ndi kumalo achisangalalo dzuwa likalowa. Mphunzitsi wamwamuna akafuna womuthandiza pa ulendo wa sabata yathunthu kuminda, ankatenga mnyamata poopa miseche. Padalibe amene adakonza zomutsekereza mtsikanayu. Njira zodziwirana zidangomulambalala.

Vuto limeneli ndi lomwe lidachititsa kuti m'chaka cha 2008 pakhazikitsidwe ndondomeko ya African Women in Agricultural Research and Development, mwachidule AWARD, yomwe likulu lake lili ku Nairobi. Idayamba ndi thandizo la bungwe la Bill & Melinda Gates Foundation ndi la USAID, ndipo Malawi, Zambia ndi Mozambique adali m'gulu la maiko oyamba kutumizako amayi. Ndondomekoyi siinkalipira fizi ya digiri. Mayi wosankhidwa ankapatsidwa katswiri wamkulu woti azikumana naye kawirikawiri, ankaphunzitsidwa kulemba zotsatira za kafukufuku, kupempha ndalama za kafukufuku ndi kutsogolera anthu, komanso ankathandizidwa kupita ku misonkhano ya akatswiri anzake. Pa zaka ziwiri za mwayiwu padali lamulo limodzi lofunika: wolandirayo naye atenge mtsikana wina wachichepere nkumulangiza.

Kwa mwana wa Mchewa zimenezi sizachilendo. Namwali salowa m'tsimba yekha. Pamakhala namkungwi wodziwa mwambo, pamakhalanso phungu womugwira dzanja ndi kumunong'oneza pamene walakwitsa. Ntchito ya ukatswiri nayo ili ndi mwambo wake wosalembedwa m'buku lililonse: kalata yopita kwa wamkulu imayamba bwanji, funso pa msonkhano limafunsidwa liti, dzina la yani limatsogola pa lipoti, malipiro amakambidwa motani. Mphunzitsi uja atasankhidwa ndi AWARD, adakumbukira mtsikana wa mpando wa kutsogolo, namuyimbira lamya ku Mchinji.

Kudzera mwa namkungwi wakeyo adamva za RUFORUM, mgwirizano wa mayunivesite a mu Africa ophunzitsa zaulimi, umene udakhazikitsidwa mu 2004 ndipo ofesi yake ili pa yunivesite ya Makerere ku Kampala. Imodzi mwa njira zake zothandizira idali yopereka ndalama kwa mphunzitsi amene walemba dongosolo labwino la kafukufuku, ndipo m'ndalamazo munkakhala fizi ndi zofunika za ophunzira a digiri yachiwiri ogwira naye ntchito m'minda ya alimi. Mwayi wotere suufikira munthu wosadziwika, pakuti mphunzitsi amatenga wophunzira amene wamuona yekha kapena amene mnzake wamuchitira umboni. Namkungwi uja adatchula dzina lake kwa mnzake amene adali atalandira ndalamazi. Mu 2012 mwana wa mlimi adabwerera ku Bunda, koleji imene tsopano idali itasanduka maziko a yunivesite yatsopano ya LUANAR.

Kafukufuku wake adali wa chuku mu mtedza. Chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene saoneka ndi maso, satha ndi kuphika, amawononga chiwindi ndipo akatswiri amamugwirizanitsa ndi kupinimbira kwa ana. Poizoniyu ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mtedza wa chigawo chino umavutikira kulowa m'misika ya ku Ulaya. Malangizo opewera chuku adalipo kale: kukumba pa nthawi yake, kuyanika bwino, kusunga pouma. Funso lidali lakuti nchifukwa chiyani malangizowa sankatsatidwa.

Mayiyu sadayambe ndi mafunso a papepala. Adakhala pamphasa ndi amayi, lichero pamiyendo, nkuyamba kuswa nawo mtedza. Yankho adalidziwa chikhalire, poti naye adachitapo ali mwana. Makoko ouma amacheka zala, choncho amayi amawaza madzi kuti afewe, ndipo chinyezi chimenecho ndicho chakudya cha chuku. Adadziwanso kumene kumapita mtedza wonyala ndi wowola umene wasankhulidwa pokonzekera msika: sutayidwa, umasinjidwa kukhala nsinjiro zotendera ndiwo ndi zothira m'phala la mwana. Wabwino umapita kwa ogula, woipa umatsala m'mbale ya pakhomo. Kuuza mayi kuti asawaze madzi popanda kumupezera makina oswera, kapena msika wogula mtedza wosaswa, ndi kumuuza kuti zala zake zituluke magazi. Zotsatira za kafukufuku wake zidakamba za zala, za nthawi ya mayi ndi za phala, zinthu zimene wofufuza wosakulira pamphasa yotere sakadaganiza zofunsa.

Mu 2014 adakwera ndege koyamba kupita ku Maputo, ku msonkhano waukulu wa RUFORUM. Usiku wonse adabwereza mawu ake pamaso pa namkungwi wake, amene adamuletsa kuyamba ndi kupepesa. Atamaliza kulankhula, mayi wina wofufuza za mtedza wa kum'mawa kwa Zambia adamutsatira pakhomo, namupatsa moni m'Chinyanja. Adapeza kuti midzi yawo ndi yotalikirana ulendo wa maola ochepa, kuti amayi a uku ndi uko amawaza madzi mofanana, ndipo kuti aliyense ankavutika yekha ndi funso limodzimodzi. Patatha zaka ziwiri adalemba limodzi pempho la ndalama za kafukufuku wa mbali zonse za malire, ndipo lidavomerezedwa. Kumudzi amati dima: lero tilima kwanu, mawa kwathu, ndipo munda umene munthu mmodzi akadatha mwezi umatha tsiku limodzi.

Akuluakulu amene mayiyu amawasirira nawo adagwiridwa dzanja. Wangari Maathai wa ku Kenya, amene adalandira mphoto ya Nobel mu 2004, adapita kukaphunzira ku America mu 1960 pa ndondomeko yolipirira ophunzira a kum'mawa kwa Africa. Maria Andrade wa ku Cape Verde, amene wagwira ntchito zaka zambiri ku Mozambique pa mbatata yofiira m'kati yolemera ndi vitamini A, adalandira World Food Prize mu 2016 pamodzi ndi anzake atatu, chifukwa ntchito yotere siigwirika ndi munthu mmodzi.

Thandizo la maphunziro lili ndi malire ake, ndipo mayiyu adawagunda. Mwayi wa digiri yachitatu kunja kwa dziko udamupeza ali ndi khanda, ndipo m'ndalamazo mudalibe gawo la mwana kapena womulera. Adaukana. Atakonzeka kupita, mwayi wina udamukana chifukwa cha zaka zakubadwa, poti oika malire a zaka sawerengera nthawi imene mayi amakhala pa uchembere. Adadikira mpaka mng'ono wake adavomera kudzakhala ndi ana, ndipo apongozi ake, atakambirana ndi ankhoswe, adaleka kufunsa kuti mkazi wapabanja akukafunanji kutali. Ndalama zambiri za mtundu umenewu zimachokeranso kunja, ndipo za kunja zimatha osatsanzika, monga zidaonekera mu 2025 pamene boma la America lidatseka bungwe la USAID. Atsogoleri a mu Africa adalonjeza ku Maputo mu 2003 kuti gawo 10 pa 100 alionse a ndalama za boma lidzapita ku ulimi, koma maiko ochepa okha ndiwo adakwaniritsa. Chikhalirecho lipoti la mu 2015 la mabungwe a United Nations ndi World Bank lidaonetsa kuti m'Malawi munda wa mayi umabereka mochepera ndi 28 pa 100 alionse poyerekeza ndi wa bambo, ndipo kusiyanaku kumatayitsa dziko pafupifupi madola 100 miliyoni a ku America pa chaka.

Mayiyu alibe chuma cholipirira mwana wa munthu fizi. Chimene ali nacho ndi kope lachikuto chakuda, momwe amalembamo mabungwe othandiza, zimene amafuna ndi tsiku lotsekera kulandira makalata. Muli bungwe la boma la Malawi lokongoza ophunzira a m'makoleji, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2015. Muli CAMFED, imene idayambira ku Zimbabwe mu 1993 nkufika ku Zambia ndi ku Malawi, ndipo atsikana amene idawaphunzitsa ali ndi gulu lawo lothandizana. Muli nthambi za FAWE, muli Mastercard Foundation, mulinso maina a aphunzitsi a m'maiko oyandikana amene amayankha makalata. Zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikatuluka, amatenga kopelo nkupita ku sukulu imene ankaphunzitsa. Amawauza atsikana kuti asunge bwino zikalata zawo za mayeso, adzidziwitse kwa mphunzitsi mmodzi amene angawachitire umboni, alembe pempho lawo nthawi ikadalipo, ndipo akakanidwa afunse chifukwa chake nkulembanso. Aliyense amene wamuthandiza amamupatsa lamulo lomwe lija la namkungwi wake, lakuti akakhazikika atenge mnzake.

Mmodzi mwa atsikanawa, wa kufupi ndi Kapiri, ali m'chaka chachitatu cha maphunziro a ulimi wothirira. Bungwe limene linkamulipirira lidachepetsa ntchito zake, ndipo fizi ya chaka chomaliza siidapezeke. Makalata atatu abwera ndi yankho lokana. Loweruka lililonse masana mtsikanayu amakwera minibasi kupita kunyumba kwa mayiyu, amayamba wamuthandiza kusankhula mtedza wa ndiwo, kenaka awiriwo amatsegula kompyuta ndi kukonza kalata yachinayi.