Bwalo la Odikira mu Mzinda wa London

Amayi anzanga, ambiri a inu muli ndi ana aakazi, achemwali kapena adzukulu ku Mangalande, ena ndi anamwino, ena amasamalira okalamba. Tsiku lina wina mwa iwo akhoza kukuimbirani lamya nati diso lake limodzi lachita chifunga, mwendo ukuchita dzanzi, ndipo madokotala akuganizira matenda otchedwa multiple sclerosis, kapena kuti MS, koma sananene chenicheni. Ngati amakhala ku London, mwina adzatchulanso malo otchedwa Queen Square. Tiyeni tiyende limodzi kumaloko, kuti mudziwe kumene mwana wanu akupondako.

Mukatsika sitima ya pansi pa nthaka pa Russell Square, mumayenda pang'ono mu msewu waphokoso wa Southampton Row, ndi kukhotera m'kanjira kopapatiza ka Cosmo Place. Phokoso lija limatsala m'mbuyo. Patsogolo panu pali bwalo lalitali, lamitengo ikuluikulu ndi kapinga, lozingidwa ndi mpanda wachitsulo, ndipo nyumba zambiri zolizungulira ndi zipatala ndi maofesi a madokotala. Chipatala chotchuka cha ana cha Great Ormond Street chili pafupi pomwepo.

Pangodya ya kanjira kaja pali nyumba yomweramo yotchedwa Queen's Larder, ndiko kunena kuti nkhokwe ya mfumukazi. Anthu amasimba kuti pamene Mfumu George III inadwala misala, mkazi wake, Mfumukazi Charlotte, ankasunga zakudya m'chipinda chapansi cha pamalopo, kuti mwamuna wake azidya zimene ankazikonda polandira mankhwala pafupi. Mayi aliyense amene anasenzapo bakuli la nsima kupita nalo kuchipatala sangaone chachilendo m'nkhani imeneyi.

Nyumba yaikulu ya njerwa zofiira kum'mawa kwa bwaloli ndiyo National Hospital for Neurology and Neurosurgery, chipatala cha matenda a ubongo ndi mitsempha. Chinayamba ndi mayi wamba. Johanna Chandler, mchemwali wake Louisa ndi mlongo wawo Edward anali ana amasiye oleredwa ndi agogo awo aakazi. Agogowo atafa ziwalo, anawo anaona kuti mu London monse munalibe chipatala cha odwala otere. Atsikana awiriwo anayamba kutunga mikanda ndi kupanga timaluwa ta zigoba za kunyanja, namagulitsa, kufikira anasonkhanitsa mapaundi 200. Kenaka anapeza thandizo kwa meya wa mzinda, David Wire, amene nayenso anali atafa ziwalo mbali imodzi, ndipo chipatala chinatsegulidwa mu 1860 kuti chithandize opuwala ndi odwala khunyu. Louisa anamwalira asanachione.

Tsono khalani pa benchi, muyang'ane amene akutuluka pakhomo. Ena ali pa njinga za olumala, ena atenga ndodo, koma ambiri akuyenda bwinobwino, ovala mwaudongo, kalata ili m'manja. Amenewa ndiwo odikira. Matenda a MS amakonda kuyamba pakati pa zaka 20 ndi 40, ndipo amagwira akazi kawiri kapena katatu kuposa amuna. Mu 2020 anawerengera kuti odwala matendawa padziko lonse anali pafupifupi 2.8 miliyoni. Mitsempha ya mu ubongo ndi mu msana ili ngati nthambo ya magetsi yokutidwa bwino. Pa matendawa chitetezo cha m'thupi chimasokonekera, nichiyamba kudya chokutiracho, ndi kusiya zipsera apa ndi apo. Pamene pagwa chipsera mpamene pamatuluka vuto: lero diso, mwezi wa mawa mwendo, tsiku lina chizungulire, kutopa kosaneneka, kapena kulephera kugwira mkodzo. Ena akaweramitsa mutu amamva ngati magetsi atsika ndi msana. Ena amafooka akasamba madzi otentha.

Chovuta nchakuti zizindikirozi zimabwera nkupita. Mayi amene dzulo analephera kutunga ulusi pa singano, pakatha milungu itatu akusoka ngati kale. Pamenepo mpamene pamayambira mawu opweteka: kuti ndi ulesi, kuti akuzemba ntchito, kuti wina wamulodza. Kunena zoona, mawu a abale amatha kupweteka kuposa dzanzi lenilenilo.

Nanga madokotala amachedweranji kutchula dzina? Palibe kuyeza kumodzi kumene kumati ndi MS basi. Dokotala wa ku Paris, Jean-Martin Charcot, anafotokoza matendawa mu 1868, ndipo patapita zaka zambiri lamulo linadzakhala lakuti paoneke zipsera pamalo osiyanasiyana, zobwera panthawi zosiyanasiyana. Choncho nthawi inali ngati mboni, ndipo kale munthu ankatha zaka akudikira kudwala kwachiwiri. Pabwalo lomweli mpamene anagwira ntchito dokotala wochokera ku New Zealand, Ian McDonald. Mu 1972 iye ndi anzake anaonetsa kuti munthu amene mtsempha wa diso lake unatupapo, uthenga umachedwa kufika ku ubongo ngakhale diso litachira, ndipo kuchedwako kungayezedwe. Mu 2001 panatuluka malamulo odziwira matendawa otchedwa ndi dzina lake, amene anakonzedwanso mu 2005, 2010, 2017 ndi 2024. Chifukwa cha malamulowa, chithunzi cha makina a MRI ndi madzi otengedwa mu msana ndi jekeseni zimatha kuchitira umboni mmalo mwa zaka zija.

Komabe dokotala wanzeru sathamanga, makamaka pa mwana wa kwathu kuno. Matenda a MS sapezeka kawirikawiri mu Africa muno, pamene ena ofanana nawo ndi ambiri: chifuwa chachikulu cha mu msana, chindoko chobisala, HIV, kuchepa kwa vitamini B12. Palinso matenda otchedwa neuromyelitis optica, amene amagwira maso ndi msana, ndipo amapezeka kwambiri mwa anthu akuda kusiyana ndi azungu. Njira yowadziwira poyeza magazi inapezeka mu 2004, ndipo mankhwala ena a MS amawakulitsa mmalo mowachepetsa. Mukamva kuti mwana wanu amutenganso magazi kachitatu, musati akumubisira kanthu. Akuopa kumupatsa dzina lolakwa, pakuti dzina lolakwa limadza ndi mankhwala olakwa. Kwathu kuno makina oyamba a MRI anafika pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008, koma madokotala a mitsempha ndi ochepa ndithu, ndipo kudikira kumatalika.

Pa nthawi yodikirayi pali ntchito imene mungagwire. Muuzeni agule kope. Alembemo tsiku limene dzanzi linayamba, mbali yake, masiku amene linatha, ndiponso ngati anali ndi malungo kapena anali atangochira mwana. Inunso kumbukirani zakale, monga diso lija limene linachita mdima kwa mlungu ali ku sekondale, inu nkumati ndi kuwerenga usiku. Kwa dokotala wa mitsempha kankhani kotere nkamtengo wapatali. Popita kukamva zotsatira asapite yekha, pakuti khutu la munthu wamantha limataya mawu ambiri. Apite ndi mwamuna wake kapena mnzake wa kumpingo, mafunso atalembedwa kale.

Funso limene apongozi adzayamba kufunsa mukulidziwa. Matendawa si opatsirana m'banja, ndipo saletsa mayi kubereka. Kafukufuku wa ku Ulaya wa mu 1998 anapeza kuti kudwalako kumachepa m'miyezi itatu yomaliza ya pakati, ndi kuwonjezeka m'miyezi itatu mwana atabadwa, nthawi imene mwana wanu adzafuna manja anu koposa. Mankhwala ochiritsiratu sanapezeke, koma kuyambira 1993 pali ochepetsa kudwalako, ndipo lero alipo amitundu yambiri.

Dzuwa likapendeka, anamwino amatuluka kudzamwa tiyi pa mabenchi omwewo, pambali pa odwala awo. Kumpoto kwa bwalo kuli chiboliboli cha mtovu cha mfumukazi, chimene ambiri amati ndi Charlotte uja, ndipo kumwera kuli mpope wakale wachitsulo umene suturukanso madzi. Pafupi ndi mpopewo pali tchalitchi cha St George the Martyr, ndipo mukachilambalala mwabwereranso m'kanjira kopita ku sitima.