Galu wothawathawa pakhomo popanda anthu

Kusunga galu wamng'ono kumaoneka kosavuta. Amadya pang'ono, ndipo khola lake silitha njerwa zambiri. Vuto lake limaoneka aliyense akachoka pakhomo. Kwathu tili ndi kagalu kosafika m'bondo, dzina lake Tilipo. Anansi amaliseka dzinali, chifukwa ife tikachoka, iyenso safuna kukhalapo. M'kati mwa mlungu makolo amakhala kuntchito, ana kusukulu, ndipo pa Sabata tonse timakhala kutchalitchi mpaka masana. Maola amenewo ndiwo anatiphunzitsa zimene tikulemba pano.

Ena amati galu ngwoyenda, musiyeni abwera yekha. Ife sitivomereza. Galu woyendayenda amagwira nkhuku za eni, ndipo choipa chitsata mwini: mlandu umafika pakhomo panu. Amagundidwa ndi galimoto. Choopsa koposa ndi chiwewe, chimene angachitenge polumana ndi agalu osalandira katemera. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 59,000 amafa ndi chiwewe chaka chilichonse, ambiri mu Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onsewo amachitenga kwa agalu. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, munthu kawirikawiri sapulumuka. N'chifukwa chake bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu katemera mu mzinda wa Blantyre kuyambira mu 2015. Komanso chiwewe chikabuka m'dera, akuluakulu oona za ziweto amalamula kuti agalu onse amangidwe, ndipo wopezeka akuyendayenda amatha kuwomberedwa. Tilipo amabayitsa katemera chaka ndi chaka, koma katemera samuteteza ku mfuti kapena ku matayala.

Choyamba kudziwa ndi pamene galu amatulukira. Ife tinayerekeza kuchoka, mmodzi n'kutsala m'nyumba akusuzumira pawindo. Galu wamng'ono amatuluka m'njira zitatu: kukumba pansi pa mpanda, kupyola pampata, kapena kukwera. Wokumba timathana naye pokwirira waya wa nkhuku m'mbali mwa mpanda n'kusanjapo miyala kapena zidutswa za njerwa. Za wopyola, timakumbukira kuti pamene mutu wa galu wadutsa, thupi nalonso kawirikawiri limadutsa. Choncho timatseka mpata wa pansi pa geti ndi pamene pamatulukira madzi a mvula. Wokwera amafuna chopondera, ndiye mulu wa nkhuni, mgolo ndi mtondo siziyenera kukhala pafupi ndi mpanda. Mpanda wa udzu kapena wa bango timauyendera mvula ikayamba, poti chiswe chimadya mitengo yake pansi pomwe diso siliona.

Ambiri amathamangira tcheni. Koma tcheni chachifupi chimapha. Galu akadumpha mpanda ali nacho m'khosi amalendewera, ndipo akachikulunga pamtengo amakanika kufika pamadzi. Ngati palibe mpanda, kuli bwino kumanga waya wautali pakati pa mitengo iwiri, tcheni n'kumayenda pawayapo ndi mphete, kutali ndi chilichonse chimene angadumphe. Lamba wa m'khosi alole zala ziwiri kulowa, osaposa, kuti asavule komanso asatsamwe. Galu satuluka thukuta thupi lonse monga ife. Amadziziziritsa popuma wefuwefu. Khola lofolera malata lopanda mthunzi m'mwezi wa Okutobala lingamuphe tsiku limodzi. Lathu lili pansi pa mtengo wa mango, ndipo mbale yamadzi tinaikwirira pang'ono kuti asaigubuduze.

Komabe mpanda umangoyankha funso la potulukira. Funso lalikulu ndi chifukwa chake. Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe, ndipo ngakhale kagalu kali ndi zifukwa zake. Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi timauzidwa kuti mwana akamathawa m'kalasi, kutseka chitseko sikokwanira. Mphunzitsi afufuze chimene chikumuthawitsa. Galu amathawa chifukwa chosungulumwa, chifukwa cha mphamvu zimene zasowa ntchito, chifukwa choopa mabingu kapena makombola a pa Chaka Chatsopano, kapena chifukwa wamva fungo la galu wamkazi. Wamkazi amafuna amuna pafupifupi kawiri pachaka, ndipo nthawi imeneyo amuna a m'dera lonse sagona pakhomo. Mankhwala ake ndi kuthena wamwamuna kapena kutseketsa wamkazi, ntchito imene madokotala a ziweto amagwira, kuphatikizapo a LSPCA ku Lilongwe ndi a BSPCA ku Blantyre.

Zina zonse zimafuna nthawi yathu, osati ndalama. Tisanachoke, mmodzi wa ife amayenda naye Tilipo pachingwe kwa mphindi 20 kapena 30, kuti atope. Chakudya amadyera m'khola, ndiye saliona ngati ndende. Tinamuzoloweza pang'onopang'ono: mphindi zochepa poyamba, kenako ola limodzi, mpaka theka la tsiku. Timamusiyira chitenje chakale chokhala ndi fungo la amayi, ndi chingwe chokhuthala choti azitafuna. Pochoka sititsanzika mwaphokoso. Ndipo tsiku limene wapeza njira yatsopano n'kutuluka, sitimumenya akabwera. Galu sagwirizanitsa ndodo ndi kuthawa kwa m'mawa. Amaigwirizanitsa ndi kubwerako, ndipo ulendo wotsatira amachedwa kubwera. Timangomulandira, n'kukafufuza pamene wabowola.

Ambiri a ife tikamaliza maphunziro tidzatumizidwa kusukulu zimene nyumba za aphunzitsi zilibe mpanda, ndipo ana mazanamazana amadutsa pakhomo tsiku lililonse. Tidzakhala m'kalasi kuyambira m'mawa mpaka masana. Wina adzabwera ndi kamwana ka galu m'katoni, n'kunena kuti aphunzitsi, tengani kazikulonderani. Tisanalandire, tidzadzifunse kuti kadzakhala kuti pa maola amene ife kulibe, mthunzi ndi madzi zili pati, ndipo katemera tikabayitsa liti, poti kamayenera kubayidwa kakakwanitsa miyezi 3. Ngati mayankho palibe, khola limangidwe kaye, galu abwere pambuyo.