Kuno bandi ikatha imathadi, nanga kwathu?

Kuno ku Zaragoza, ku Spain, kuli bandi ya rock imene anthu amaikonda monga ife tikondera Ma Blacks. Dzina lake ndi Héroes del Silencio. Inatha mu 1996, koma mpaka lero m'bala akangoika "Entre dos tierras", nyimbo ya mu 1990, madoda a imvi amasiya mowa patebulo, kugwirana m'mapewa n'kumakuwa maso ali psuu. Mumzinda muno muli ngakhale msewu wa dzina la bandiyo.

Amene amandidabwitsa ndi woimba wawo, Enrique Bunbury. Bandi itangotha, mu 1997 anatulutsa chimbale chake, Radical Sonora, chodzaza ndi zoimbira zamagetsi. Otsatira ake ambiri anakwiya, iye osatekeseka. Mu 2007 anavomera kukumananso ndi anzake aja, anachita mashowo 10, awiri mwa iwo pabwalo la La Romareda kuno, basi kenaka aliyense njira yake. Kuchokera apo anthu apempha kuti akumanenso, atopa. Nyimbo zina zakale amaimbabe pa mashowo ake, koma bandi sanaidzutsenso. Ku Argentina nako Soda Stereo inatsanzika mu 1997, inabwerera mu 2007 ulendo umodzi wokha, ndipo woimba wawo, Gustavo Cerati, anabwerera ku nyimbo zakezake mpaka pamene anadwala mu 2010.

Kwathu zinthu sitichita choncho. Evison Matafale anamwalira mu 2001, koma bandi yake ya ku Chileka, Black Missionaries (Ma Blacks aja), ikuimbabe, zimbale zikungotchedwa Kuimba, nambala yokha ndiyo isintha. Alleluya Band ya ku Balaka yadutsa m'manja mwa mibadwo ingapo. Bandi kwathu ili ngati munda wa makolo: mwini akapita, otsala amalimabe.

Mnzanga wina wakuno anati kumeneko ndi kuopa zatsopano. Ndinamutsutsa. Bunbury angathe kukana chifukwa nyimbo zake zakale zimamudyetsa ali gone, kuyambira Spain mpaka Mexico. Woimba wa kwathu amadya za pakhomo la showo. Akapanda kukwera pa siteji Lachisanu, ana agona ndi njala, ndipo oyimba ng'oma ndi onyamula masipika nawonso amadyera pompo. Munthu wotero simungamuuze kuti atseke bandi pofuna kusunga ulemu wake.

Koma pena mnzangayo sananame, ndipo vuto ndi ifeyo omvera. Woimba akangoyamba nyimbo yatsopano, ife ndi amene timakuwa kuti "Zakale! Zakale!", ena n'kutuluka kukagula kanyenya. Ndiye adzapeka bwanji zina, poti akudziwa kuti tikufuna zomwe tinavina tili kusekondale?

Inu amene mupite ku showo sabata ino, akaimba yomwe simukuidziwa, khalani pomwepo muimvere mpaka ithe. Zakalezo adzaimbabe kumapeto.